Ukandipezere Kope Limene Lazaro Anandilanda

Rozina mwana wanga,

Munthu amene anandilakwira dzina lake ndi Lazaro Tsekwe. Ndayamba ndi iyeyo kuti andichoke pakhosi, koma usachite tsinya, kalatayi ili ndi zokoma zambiri. Ukumudziwa. Ndi nkhalamba ija imakhala pa benchi yakutsogolo m'tchalitchi, ya ndodo yamutu wamkuwa, imene unkaigwadira popereka moni ine n'kumayang'ana kumbali. Unandifunsa kawiri chifukwa chake, ndinangoti ndi za akulu. Lero wakula. Mawa ukwera basi kukwera nayo mapiri a Thabwa, kenako ndege, ndiye za akuluzo ndi zakonso tsopano.

Ndikulemba masana ano pansi pa bwemba wathu, chifukwa maso anga ndi nyali sizimvananso. Amayi ako ali kuseri, akukulunga milamba youma m'nyuzipepala. Ndawauza kuti a ndege sakalola, andiyankha kuti, "Inu ndegeyo munaikwera liti kuti mudziwe malamulo ake?" Kalatayi ndikupatsa pamanja, ndipo usaitsegule mpaka ndege itasiya dothi la kuno.

Mwana wanga, chimwemwe chandisokoneza mutu. Dzulo ndinayenda mpaka kumsika wopanda chokagula, kungofuna kuti anthu andifunse. Ndipo anandifunsadi. A Fulatira, aja okonza njinga, anaimirira ndi sipanala m'manja n'kufuula kuti msika wonse umve:

"A Malizani! Tamva kuti mwana akupita kwa azungu kukaphunzira kupemphera. Kodi kuno mapemphero atha?"

Ndinati, "Sakukaphunzira kupemphera, akulu. Akukatenga digiri yachiwiri, imene amati masitazi, ya maphunziro a zipembedzo."

"Ndiye akabwera tizimutchula kuti abusa kapena amayi busa?"

"Muzimutchula ndi ulemu basi. Iyeyo akukafufuza chifukwa chimene inu mumaimba kwaya Lamulungu m'mawa, madzulo ake n'kukagogoda kwa sing'anga kuti njinga zizikubwererani."

Amayi ogulitsa masawu anaseka mpaka kugwetsa mbale yoyezera. A Fulatira anangoti, "Pyadidi, zabwino ndithu, mwapambana," n'kubwerera ku tcheni chawo. Ndinabwera kunyumba ndikuyenda ngati ndachotsapo zaka makumi awiri.

Masiku onse a moyo wanga ndinkaganiza kuti wophunzira za chipembedzo njira yake ndi imodzi, ya kuguwa. Iwe ndi amene unanditsegula maso tsiku lija tinkatola thonje. Unati ukhoza kukaphunzitsa ku yunivesite, ophunzira mazana kumalemba zotuluka m'kamwa mwako. Unati ukhoza kuphunzitsa abusa enieniwo asanavale kolala, ndipo pamenepo ndinaseka ndekha poganiza mwana wa Zuze Malizani akuika chizindikiro chofiira pa pepala la m'busa. Unatchula zokonza mabuku a ana asukulu, zomasulira Malemba m'zilankhulo zathu, zosunga mbiri ya makolo kumalo osungira zakale, zolankhula pa wailesi. Unatchulanso ntchito ya pakati pa abale athu othawa nkhondo odzaza ku Nsanje aja, amene aika maliro awo kutali ndi manda a makolo ndipo akusowa wowamvetsa. Zitseko zonsezi, mwana wanga! Ine chitseko chinali chimodzi, ndipo Lazaro anachitseka. Tamvera mmene zinakhalira.

Ndinali Sitandade 4 pa sukulu ya mishoni yogonera konko, ndipo abambo a pamishoni anali atanena kuti mutu wanga ndi wa uphunzitsi. Amalume anga a Chimtengo, mchimwene wa agogo ako aakazi, ndiwo ankasunga kachisi wa mvula m'nkhalango ija ya m'mbali mwa mtsinje, pamene lero pali munda wa a Fulatira. Tchuthi china anandiitana n'kuti, "Iwe wodziwa kuika mawu papepala, bwera. Izi ndikafa zipita nane." Ndinatenga kope latsopano la chikuto chobiriwira. Masiku ambiri ndinkakhala pamapazi awo ndikulemba nyimbo zoitanira mvula, mayina a onse amene anasungapo kachisiyo, ndi dongosolo la nsembe, kuyambira pa nsalu yakuda mpaka pa ufa wa mapira. Tsiku lomaliza anandiuza pemphero limene wosunga kachisi amanena yekha pothira ufawo. Ananena kamodzi kokha, motsitsa mawu, ine n'kulemba pa tsamba lomaliza.

Nditabwerera kusukulu ndinabisa kopelo pansi pa mphasa. Lazaro nthawi imeneyo anali mphunzitsi wachinyamata woyang'anira kogona anyamata. Analipeza. M'mawa mwake anatiimika pamzere sukulu yonse, n'kuyamba kuwerenga nyimbo za amalume anga ndi mawu oseketsa, akuvina pang'ono, ana onse akufa ndi phwete. Kenako anati, "Uyu akufuna kudzaphunzitsa Mawu a Mulungu ndi ziwanda m'thumba. Kope ili lipita pamoto." Dzuwa lisanafike pamutu ndinali pamsewu, mphasa yanga paphewa. Sukulu yanga inathera pamenepo. Kulemba kumene ukuonaku ndi kwa Sitandade 4, kwina ndinatola m'nyuzipepala zokulungira nsomba.

Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti kopelo linapsa. Ndiye unabwera iwe patchuthi, uli chaka chachitatu ku yunivesite, n'kundipeza ndikupota chingwe ndikung'ung'udza kanyimbo. Ukukumbukira? Unaima ndi ndowa pamutu n'kuti, "Bambo, nyimbo imeneyo ndinaiona m'buku." Ndinati usandiseke. Tchuthi chotsatira unabwera ndi mapepala amene unakopera, n'kundiwerengera. Nyimbo za amalume anga, mzere ndi mzere, ngakhale pamene ndinalakwitsa kalembedwe, zili m'buku la mzungu wina amene ankayendayenda kuno kufufuza za makolo. Ndipo m'munsi mwake mzunguyo akuthokoza Bambo Tsekwe, amene akuti anasonkhanitsa nyimbozi ndi khama lalikulu. Khama lalikulu! Munthu anavina kunyoza, kenako n'kukapereka kwa mzungu ngati zake. Tsiku limenelo sindinadye. Koma tamvera kukoma kwake. Unalemba makalata, n'kupeza kuti mzunguyo anamwalira, ndipo mabokosi a mapepala ake ali m'nyumba ya mabuku ya sukulu yomweyo imene yakuitana. Pa mndandanda wa za m'mabokosimo unaona mzere wakuti muli kope la mwana wasukulu, lolemba pamanja, lopanda dzina. Rozina, kope langa lili moyo! Lawoloka nyanja ine ndisanaone ngakhale bwalo la ndege, ndipo lakhala likudikira mwana wanga.

Kulakwa kwanga koyamba kuli m'mawu awiri amenewo: lopanda dzina. Sindinalembe dzina langa pachikuto chifukwa cha mantha. Ndinaganiza kuti akalipeza ndidzakana kuti si langa. Analipeza pansi pa mphasa yanga, kukanako sikunathandize, ndipo kusowa kwa dzinalo n'kumene kunapatsa Lazaro mpata wodzitcha mwini wake. Choncho iwe, chilichonse chimene walemba, ika dzina lako pamwamba, la Malizani, lonse, osalidula kuti azungu alitchule mosavuta. Ndipo amene wakuuza chinthu, kaya ndi nkhalamba yopanda mano, kaya ndi mayi wosadziwa kugwira pensulo, lemba dzina lake pambali pa mawu ake. Usadzakhale Lazaro wa munthu wina. Ndabwereza, mwana wanga: dzina pachikuto.

Kulakwa kwachiwiri n'kumene kumandiluma kwambiri. Nditathamangitsidwa, mkwiyo wanga sindinaupititse kwa Lazaro yekha, ndinaupititsanso kwa amalume. Ndinati ndi iwo andiphera sukulu ndi zinthu zawo zachikale. Anatuma uthenga katatu kuti ndibwere tidzalembenso. Ndinakana. Ndinapita kukagwira ntchito kumalo ochotsera njere za thonje, ndinakhala komweko, ndipo pamene mtima unatsika n'kuti tsopano ndipite, ndinapeza atawaika dzana lake. Nyimbo zina ndinkazikumbukira, koma pemphero la tsamba lomaliza lija linandithawa. Ndimakumbukira poyambira pokha. Ndayesa zaka zonsezi, polima, poyenda, ndikadwala, silibwera. M'buku la mzungu unati mulibe. Palibenso munthu wamoyo amene akulidziwa. Ndiye kumeneko, akakukhumudwitsa mphunzitsi kapena mnzako, kwiya tsiku limodzi, lachiwiri ubwerere ukafunse chimene umafuna kudziwa. Nkhalamba sizidikira kuti mkwiyo wako uthe.

Kulakwa kwachitatu useka, ndipo seka ndithu. Iwe usanabadwe ndinaganiza zolembanso kope lina. Ndinamva kuti kutsidya kwa Shire kuli mayi wokalamba, a Nachanza, amene ankaimba nawo pa nsembe za amalume. Ndinavala nsapato zanga za Lamulungu, malaya oyera, pensulo kukhutu, n'kuwoloka pabwato. Ndinafika n'kukhala pampando, iwo ali pansi, ndipo moni usanathe bwino ndinali nditatulutsa kale kope. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kupensulo n'kuti, "Lembani, achimwene a ku ofesi." Anandiimbira nyimbo zisanu, ine kulemba thukuta lili kamukamu. Ndinabwera monyada. Pa maliro ena, akuluakulu atakhala, ndinati ndikuimbireni nyimbo yeniyeni ya mvula. Nditangoyamba, amayi kuseri anayamba kukhosomola, ena kuthawa kukasekera kutali. Amayi ako, amene nthawi imeneyo ndinkangowafunsira, anabwera n'kundinong'oneza kuti, "Pepani, imeneyo ndi ya pamtondo, ndipo ikunena za mwamuna waulesi." Zonse zisanu zinali za pamtondo! Patapita nthawi ndinabwerera kwa a Nachanza wopanda nsapato, ndinakhala pansi, ndinawathandiza kukonola mapira, osatchula za nyimbo. Tsiku lachitatu anayamba okha kuimba. Anati, "Tsiku lija munabwera kudzatenga. Lero mwabwera kudzacheza." Iwe ntchito yako idzakhala yofunsa anthu za zinthu zimene amaziopa ndi kuzilemekeza. Kaya ndi mumzikiti, kaya m'kachisi wa amwenye, kaya kwa a mizimu, vula nsapato, khala pamene akukhazika, pensulo ituluke pomaliza. Digiri yako isakhale pampando eni ake ali pansi.

Kulakwa kwachinayi ndi kwa lilime, ndipo pano ndilemba mochepa. Tsiku lina podikira basi pa boma ndinatsutsana ndi munthu wosamudziwa za vesi ina ya m'Baibulo, yonena za olamulira. Ine ndinkaona ngati tikucheza za Malemba. Patapita masiku atatu ndinaitanidwa, ndipo ndinagona masiku awiri kumalo kumene sindinapite mwakufuna kwanga, ndikulongosola chimene ndimatanthauza. Unali wakhanda, amayi ako sanakuuze. Maphunziro akowa amayenda pafupi kwambiri ndi nkhani za mafumu ndi maboma, ndipo ukudziwa zimene zinagwera anansi athu ena chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Kumeneko udzakumana ndi a kwathu okoma pakamwa, okuitanira tiyi, okufunsa kuti kumudzi zikuyenda bwanji. Uziti mvula inagwa bwino. M'makalata obwera kuno uzilemba za kuzizira ndi za mayeso. Ine ndikufuna udzatsike ndege n'kubwera kuno kwa Kasisi molunjika, osakhotera kwina. Wandimva.

Kulakwa kwachisanu ndinalakwira iwe. Utandiuza kuti ku yunivesite wasankha za zipembedzo, ndinakhala miyezi itatu osakuyankha kalata. Ndinkafuna ukhale namwino kapena wa zamalamulo. Ndinauza amayi ako kuti chinthu chimene chinandiphera ine sukulu sichingadyetse mwana wanga. Amayi ako anati, "Inu mukukwiyira mwana kapena mukukwiyira a Tsekwe?" Anali atalasa. Sindinakupepesepo, ndipo pakamwa sindingathe, ndiye ndapepesa pano. Taona mmene Mulungu amasekera anthu! Nyimbo zimene anandithamangitsira pasukulu ndi zomwezo zakukweza ndege. Zimene ankati ziwanda lero akuzisunga m'bokosi, m'nyumba yofunda, anthu ovala magalasi akuzigwira ndi manja awiri. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuvina, msana wokha ndi umene umandiletsa.

Tsono tamvera zing'onozing'ono. Iwe ndiwe mwana wa kuchigwa, unakulira m'dzuwa loti dzira likhoza kupsa pamchenga. Kuzizira kwa kumeneko usalimbane nako, gula jekete lolemera sabata yoyamba, ngakhale likhale loipa maonekedwe. Kutchalitchi uzipita. Usadzabwere kuno ukunena kuti waphunzira kwambiri moti sungagwadenso, chifukwa ine amene ndinapwetekedwa ndi munthu wa tchalitchi ndimagwadabe, ndinasiyanitsa Mulungu ndi Lazaro. Komanso mphunzitsi wina akadzanena m'kalasi kuti makolo athu sankadziwa Mulungu azungu asanabwere, kweza dzanja. Ulankhule mwaulemu, koma kweza dzanja. Uwauze kuti amalume a bambo ako ankaitana Mphambe ndi dzina lake, atagwada, m'mimba mulibe kanthu, kupempherera mudzi wonse ndi alendo omwe. Za amuna sindinena zambiri, amayi ako anena kale mokwanira. Ndingoti amene adzakuuze kuti usiye buku kuti umuphikire, umuuze kuti bambo ako anasiyitsidwa sukulu kamodzi ndipo pabanja pathu kamodziko n'kokwana.

Ukamaliza, bwerera. Ntchito zonse unatchula zija zili kuno, ndipo nkhalamba zodziwa zinthu zikutha ngati madzi a m'thamanda mwezi wa Okutobala. Ndikufuna ndidzatsegule wailesi ndimve akuti tsopano alankhula Mayi Malizani. Ndidzainyamula wailesiyo mpaka kwa a Fulatira, ndidzaiika pa chishalo cha njinga.

Tsopano ndibwerere kwa Lazaro. Mwezi watha ndinakumana naye pachipatala pa boma, tonse pamzere wa mankhwala a miyendo. Anandigwira dzanja n'kuti, "A Malizani, mwana wanu watichotsa manyazi tonse a kuno. Maphunziro a Mulungu ndi chinthu chachikulu." Ndinatulutsa chithunzi chako chija cha tsiku lolandira digiri yoyamba, ndinachigwira patali ndithu, n'kufunsa kuti akuona ndani. Anati, "Si Rozina uyu, wavala chipewa cha makona?" Ndinati takhuta, zikomo, maso anu akadali bwino. Iye anaganiza kuti ndikumuyamikira. Ine ndinkayesa ngati angathe kuzindikira kalembedwe ka munthu.

Ndiye pempho langa ndi ili, limodzi lokha. Sindikufuna wotchi, sindikufuna jekete, sindikufuna nsapato za kunja. Ukafika, ukangopeza pogona, upite kunyumba ya mabukuyo ukapemphe bokosi. Usabe, mwana wanga, pa nkhani iyi wakuba kope ndi mmodzi ndipo si wa pabanja pathu. Unati kuli makina ojambula mapepala. Ujambule tsamba lililonse, kuyambira pachikuto chopanda dzinacho mpaka tsamba lomaliza. Usatumize papositi, ndipo pemphero lija usandilembere m'kalata. Ubwere nalo wekha. Tidzayala mphasa pansi pa bwemba uno, tidzaika mpando umodzi wa Lazaro. Udzamupatse mapepalawo ayang'ane bwinobwino, anene ndi pakamwa pake, anthu akumva, kuti dzanja limene linalemba ndi la Zuze Malizani ndipo mawu ndi a Chimtengo. Akatero, iwe udzandiwerengere tsamba lomaliza, pang'onopang'ono, motsitsa mawu, monga ananenera amalume. Ndikalimva mpaka kumapeto, mukhoza kundiika tsiku lililonse.

Akuti maphunziro ako ndi a zaka ziwiri. Ine ndilimbikira, ndasiya fodya ndipo mankhwala ndikumwa monga anenera. Amene akundidetsa nkhawa ndi Lazaro, chifukwa akutsokomola moipa. Sabata yatha ndinamutumizira nkhuku ndi botolo la uchi, ndipo mwezi wamawa ndimutumiziranso. Anthu kutchalitchi akuti a Malizani akhululuka, Mzimu wagwira ntchito. Asiye anene. Iwe ukalimbikire sukulu, ine kuno ndikusungira Lazaro wamoyo.

Pita bwino, Rozina. Dzina pachikuto.

Ndine bambo ako,
Zuze Malizani